Osewera sakumvera malangizo mu Football Manager? Yang'anani izi musanayambe kutukwana gemu

Vuto ili limabwerabwera kwa aliyense amene amasewera Football Manager (FM), gemu yomwe umakhala kochi wa timu ya mpira, kaya munayamba kalekale nthawi ya Championship Manager kaya mwangoyamba kumene. Mwakhala pa sikirini ya Tactics ola lathunthu, mwauza winga kuti azikhala kumzere, mwauza nambala 8 kuti asamawombe mashoti akutali, mwauza goloboyi kuti azipatsa madifenda mpira wapafupi, nde gemu kungoyamba basi winga uja walowa kale pakati, nambala 8 wawomba chamtunda mpira wakagwera kwa ochemerera, goloboyi nayenso waumenyera kutsogolo kwa sitiraika wamfupi yemwe sangawine mpira wamutu olo umodzi. Zimawawa, makamaka ukadziwa kuti zomwe unakonza zinali zanzeru ndithu.

Ambiri akafika apa amathamangira kuwonjezera malangizo ena pamwamba pa akale, kapena kukatenga takitiki ya munthu wina pa intaneti. Ine ndikuti dikirani kaye. Nthawi zambiri mankhwala ake amakhala kuchotsa malangizo ndi kupeza chomwe chikulimbana ndi lamulo lanulo, chifukwa pafupifupi nthawi zonse chimakhalapo, chimangokhala chabisala pa sikirini ina.

Mudziwe kaye mmene gemuyi imamvera mawu anu. Mukadina Shoot Less Often simunamuletse wosewera kuwomba. Mwangochepetsa mpata woti asankhe shoti pakati pa zinthu zingapo zomwe angachite ali ndi mpira kumwendo, ndipo zikakhala kuti zina zonsezo zatsekeka, shotiyo awombabe. Kale kunali ma slider omwe umakoka kuchepetsa kapena kuchulukitsa chinthu, a Sports Interactive, omwe amapanga gemuyi, anawachotsa mu FM14 yomwe inatuluka mu 2013 n'kusiya ma role (ntchito yomwe wosewera aliyense amapatsidwa) ndi malangizo olembedwa m'mawu. Mawuwo amamveka ngati lamulo lokhwima koma pansi pake ndi nkhani yomweyo ya kuchepetsa ndi kuchulukitsa. Mayina a mabatani omwe ndikutchula pano ndi a mu FM24, m'magemu a zaka zina mwina alembedwa mosiyana ndipo ena mwina simuwapeza.

Onerani gemu yeniyeni, osati zigoli zokha

Ngati mumaonera pa Key highlights simungadziwe ngati timu ikumvera kapena ayi, chifukwa gemu imangokuonetsani pomwe zinthu zasokonekera kapena pomwe chigoli chatsala pang'ono kulowa. Winga wanu mwina wakhala kumzere mphindi 80, koma inu mwangoona kawiri komwe analowa pakati nde mwagamula kuti samva. Ikani Comprehensive, kapena Full Match kwa mphindi 15 kapena 20 zoyambirira, kamera muyike ya 2D kapena ina yochokera pamwamba yoti muziona anthu onse 22 nthawi imodzi.

Wosewera akachita zomwe munamuletsa, imitsani gemu pompo mubweze pang'ono. Tiyerekeze ndi nambala 8 uja. Walandira mpira kunja kwa 18, nkhope kuyang'ana golo. Yang'anani timadontho tomuzungulira. Sitiraika wathamangira mkati mwa bokosi ali pakati pa madifenda awiri, winga wakumanja nayenso walowa momwemo, wakumanzere chimodzimodzi, nambala 10 ali pamzere umodzi ndi sitiraika, fulubaki watsalira kumbuyo kwenikweni chifukwa munamupatsa duty ya Defend yoti azisamala kumbuyo, ndipo mdani wa nambala 6 akubwera kudzamulanda mpira. Apatse ndani? Palibe. Munthuyu sanakane lamulo, wasowa njira. Mukamuwonjezera Work Ball Into Box pamwamba pa Shoot Less Often zisintha pang'ono chabe, koma mukasintha mmodzi mwa akutsogolo aja kuchoka pa Attack kupita pa Support kuti azitsika kudzapempha mpira, kapena kulola fulubaki mmodzi kuti azikwera kumzere, mashoti opanda pake aja amachepa okha.

Gemu ikatha tsegulani Analysis muone average positions, timu ili ndi mpira komanso ilibe, ndi mapu a mapasi. Data Hub yomwe inabwera mu FM22 imathandizanso kuona ngati ndi chizolowezi cha magemu ambiri kapena zangochitika tsiku limenelo.

Ma trait, apa nde pamagona nkhani kawirikawiri

Tsegulani profile ya wosewera amene akukuvutitsaniyo muwerenge Player Traits. Izi ndi zizolowezi zake zomwe anabwera nazo, ndipo zimakhala zamphamvu moti zimatha kuphimba lamulo lanu. Munthu wa Shoots From Distance aziwombabe olo mumuuze chotani. Wa Cuts Inside From Both Wings azilowabe pakati ngakhale mwamupatsa role ya Winger. Sitiraika wa Comes Deep To Get Ball mukamuyika Poacher kuti azidikira paphewa pa difenda womaliza muzingomupeza pakati pa bwalo akupempha mpira, bokosi lili mbee. Midifiuda wa Gets Forward Whenever Possible mukamuyika kuti azitchinga kutsogolo kwa madifenda, tsiku lina mudzamuona ali mu 18 ya adani pomwe kauntala ikuyamba kumbuyo kwake. Palinso Tries Killer Balls Often, Runs With Ball Often, Dwells On Ball, Dives Into Tackles, zonsezi zimatha kuwononga takitiki yofuna mapasi afupiafupi ndi kudekha.

Njira zilipo zingapo ndipo sizofanana kulemera kwake. Mutha kumuuza kochi kuti amusiyitse trait imeneyo kudzera mu individual training, kochi amakupatsani maganizo ake kaye ngati zingatheke. Zimatenga miyezi, pena zimakanika, ndipo wosewera akakhala wamkulu zaka zimavutirapo. Kwa mnyamata wa zaka 18 kapena 19 yesani ndithu, ndipo muonenso amene mwamuphatikiza naye mu mentoring group, chifukwa ma trait amatha kuchoka kwa wamkulu kupita kwa mwana, abwino ndi oipa omwe. Koma kwa munthu wa zaka 30 yemwe wakhala akulowa pakati moyo wake wonse, ine ndimaona kuti kulimbana naye n'kutaya nthawi. Mpatseni role yogwirizana ndi chizolowezi chakecho, akhale Inside Forward kapena Inverted Winger, kenako ntchito yokhala kumzere muyipereke kwa fulubaki wa mbali imeneyo. Takitiki yanu imapezabe zomwe imafuna, kungoti wasintha ndi wochita.

Mwendo nawonso muuone. Wamanzere weniweni amene mwendo wake wamanja ndi Weak mukamuyika kumanja n'kumuuza kuti azipita mpaka kumzere wa golo kukamenya kirosi, azibwezera mpira kumwendo womwe amaudalira basi, ndipo kubwezako kumamulowetsa mkati. Si mwano umenewo.

Role yomwe mwasankha ili kale ndi malamulo ake

Role iliyonse imabwera ndi malangizo omangiriridwa omwe simungawachotse, mukatsegula Player Instructions mumawaona atatsekedwa. Winger amachenga kwambiri, amakhala kumzere, amamenya makirosi. Inside Forward amalowa pakati ndi mpira. Ball Winning Midfielder amathamangira mpira kulikonse ndipo amalowa mwamphamvu, nde ngati ndi yekhayo amene mwamusiya kutsogolo kwa madifenda musadabwe kuona dzenje pakati, role yoti munthu akhale pamalo osasuntha ndi monga Anchor. Mezzala amayendayenda ndi kutulukira m'mbali. Trequartista amapita komwe wafuna ndipo sathamangitsa mdani kwenikweni, kumuyika mu timu ya High Press n'kumadandaula kuti sakupanikiza ndi kumulakwira.

Ma playmaker, ogawa mpira aja, ali ndi khalidwe lina lomwe ambiri salidziwa: amakoka mpira. Anzawo amawafunafuna kuti awapatse. Mukafuna timu yothamanga pa kauntala, mpira ukalandidwa upite msanga kwa mawinga, koma pakati mwayika Deep Lying Playmaker ndi Advanced Playmaker onse awiri, mpira uziyamba wadutsa mwa iwowo ndipo pofika kutsogolo adani abwerera kale onse. Lamulo la Counter lilipo, koma ma role akulikoka malaya.

Mu FM24 anawonjezeranso zoti osewera azisinthana malo timu ikakhala ndi mpira. Inverted Wing Back akalowa pakati kapena Libero akakwera, midifiuda amene anali pamenepo amasuntha kumupatsa malo. Nde mukaona munthu wachoka pomwe munamuyika pa bolodi, onani kaye ngati si role ya mnzake yomwe yamukankha.

Kenako pali mentality ya timu ndi duty ya munthu, ziwirizi zimaphatikizana. Mentality imayambira Very Defensive kudutsa Cautious, Balanced, Positive mpaka Very Attacking, ndipo siikhudza kukwera kutsogolo kokha, imakhudza mapasi, liwiro, kutambasuka kwa timu, kutalika kwa mzere wa madifenda, komanso kuchuluka kwa ngozi zomwe munthu aliyense akulolera. Wosewera wa duty ya Attack mu timu ya Attacking mutu wake uli pa golo basi, ndipo pa sikirini ya malangizo ake gemu imakuonetsani mentality yake payekha. Mukamuuza munthu wotereyu Take Fewer Risks kapena Shorter Passing amva pang'ono, koma kachikoka kopita kutsogolo kamakhalabe kamphamvu. Yesani kutsitsa timu pa Positive kapena Balanced musanakhudze china chilichonse, mudzadabwa kuchuluka kwa "kusamvera" komwe kumatha ndi batani limodzi limeneli.

Malangizo akamamenyana okhaokha

Apa nde pomwe matakitiki ambiri amafera. Munthu wadina Shorter Passing, wadinanso Much Higher Tempo, Pass Into Space, Work Ball Into Box, Run At Defence, Be More Expressive, Play Out Of Defence, Counter, attacking width wayika yotambasuka kwambiri, kenako aliyense mwa osewera 11 ali ndi malangizo akeake anayi kapena asanu. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mapasi afupiafupi amafuna anthu oyandikana, inu mwawamwaza bwalo lonse. Kulowetsa mpira mu bokosi modekha kumafuna nthawi, inu mwawauza kuti afulumire. Wosewera sangakwaniritse zonse, amasankha chimodzi, ndipo china chomwe wasiyacho ndi chomwe inu mukuchiona ngati mwano.

Be More Expressive muyisamale mwapadera. Tanthauzo lake ndi loti mwawalola kuchoka pa dongosolo akaona mpata, nde simungadine imeneyi n'kumafunanso kuti aliyense akhale pomwe mwamuyika. Ngati mukufuna timu yotsata dongosolo chotsani, kapena dinani Be More Disciplined, podziwa kuti mutayako zodabwitsa zina kutsogolo, makamaka mukakumana ndi timu yotseka kumbuyo.

Matakitiki okonzeratu aja, Gegenpress, Tiki-Taka, Wing Play, Route One ndi ena, amabwera ndi malangizo ambiri kale. Mukawonjezera anu pamwamba osachotsa akalewo mumapanga chinthu choti olo inu simungachifotokoze. Chomwe ndimalangiza ndi ichi: sungani takitiki yanuyo, pangani kope, mu kopeyo chotsani malangizo onse a payekhapayekha, a timu musiye atatu kapena anayi okha omwe mungathe kunena chifukwa chake. Sewerani magemu angapo. Mukaona vuto lenileni m'bwalo bwezerani lamulo limodzi lothana ndi vuto limenelo. Zimaoneka zochedwa koma ndi njira yokhayo yodziwira kuti batani liti likuchita chiyani mu timu yanu.

Kodi akuidziwa takitikiyo?

Pa sikirini ya Tactics pali Tactical Familiarity, imayenda kuchokera Awkward, Competent, Accomplished mpaka Fluid, ndipo imagawidwa m'zigawo monga mentality, passing, tempo, width, marking, pressing ndi malo omwe munthu akusewera. Ikakhala yotsika osewera amachedwa kuganiza, amayima molakwika, mzere wa ofusaidi umapindika. Mukasintha folomeshoni sabata iliyonse chifukwa mwaluza gemu imodzi, timu imangokhala ikuyambiranso.

Imakwera ndi magemu komanso tireningi. Nthawi ya pre-season konzani masewero opimana mphamvu okwanira ndipo muwasewere ndi takitiki yomwe mudzagwiritse ntchito mu ligi, pa ndandanda ya tireningi muyikemo Match Tactics ndi Match Practice. Mipata ya matakitiki ilipo itatu ndipo timu imaphunzira onse omwe mwayikamo, choncho wachiwiri ndi wachitatu akhale abale a woyamba, wina wotsekerako wina wokwererako, kuti mukasintha pakati pa gemu anthu asasochere. Kumbukiraninso kuti familiarity ndi ya munthu aliyense payekha. Timu itha kuonetsa Fluid koma amene mwagula sabata yatha akadali mlendo, ndipo mukagula asanu ndi mmodzi nthawi imodzi n'kuwaponya onse mu timu yoyamba, mwezi woyamba uzikhala wosokonekera olo onse ndi akatswiri. Team Cohesion pa sikirini ya Dynamics imakuuzani zimenezi, ndipo amene sakudziwa chilankhulo cha dzikolo mutumizeni ku language course.

Malo enieniwo nawonso ndi nkhani. Munthu amene pamalopo ndi Awkward kapena Makeshift sangachite zomwe wa Natural amachita, olo ma attribute ake (manambala oonetsa luso lake) akhale okongola bwanji. Muyikeni pa tireningi ya malo ndi role imeneyo ndipo muzimupatsa mphindi pamenepo.

Mutu wa wosewera

Ma attribute amayenda kuyambira 1 mpaka 20, ndipo ambiri timathamangira kuona Pace, Finishing ndi Dribbling, pomwe za kumvera zili mu gawo la Mental. Teamwork ndiye yoyamba, imanena mmene munthu amatsatira malangizo ndi kusewerera anzake. Decisions ndi kusankha chinthu choyenera pa nthawi yake. Concentration ndi kusagona mphindi zonse 90. Positioning ndi kuyima bwino timu ilibe mpira, Off The Ball ndi kuyenda bwino timu ili nawo. Work Rate ndi mtima wothamanga. Composure ndi kusanjenjemera akapanikizidwa. Wa Flair yokwera koma Teamwork ndi Decisions zotsika ndi uja amachenga anthu atatu mnzake ali yekhayekha pa golo, ndipo palibe batani lomwe lingamusinthe kukhala munthu wina Loweruka likubwerali. Wa Aggression yokwera ndi Decisions yotsika azilowabe ndi miyendo iwiri olo mwadina Stay On Feet.

Ichi chimakhudza kwambiri amene mumakonda kuyamba ndi matimu a m'maligi apansi. Takitiki yomwe imayenda ndi Manchester City kapena Barcelona imafuna madifenda a Composure, First Touch ndi Passing zokwera. Difenda wa Composure 7 mukamuuza Play Out Of Defence, sitiraika wa adani akamuthamangira aziumenya kutsogolo basi, ndipo kunena zoona bola atero kusiyana ndi kuutaya pa 18 yake. Osewera otere apatseni ntchito zosavuta, ma role wamba monga Central Defender, Full Back, Central Midfielder, malangizo ochepa, ndipo mudzaona kuti amamvera bwino kuposa mmene mumaganizira.

Goloboyi womenya kutsogolo

Ili ndi dandaulo lomwe limamveka kwambiri nde ndilipatse malo ake. Mwadina Take Short Kicks, mwadina Distribute To Centre Backs, koma iye akungoumenya kutali. Imitsani gemu pa goal kick muone. Ngati adani ayika Prevent Short GK Distribution mupeza masitiraika awo atayima pafupi ndi madifenda anu awiri, ndipo goloboyi akaona kuti pasi yapafupi ndi ngozi amasankha yakutali. Mpatseni njira yachitatu. Dinaninso Distribute To Full Backs, kapena ikani midifiuda wotsika pafupi monga Half Back kapena Deep Lying Playmaker pa nambala 6, kuti adani awiri asathe kutseka anthu atatu kapena anayi. Onaninso passing directness ya timu yonse ndi mentality, zikakhala zokwera nayenso amatengera zomwezo. Ndipo ngati adani akwera ndi anthu anayi kudzatseka, kumbuyo kwawo kwatsala malo, nthawi zina mpira wautaliwo ndi woyenera, bola kutsogolo kukhale munthu wa Jumping Reach ndi Strength woti aulimbire.

Kupanikiza komwe kumatha pa mphindi 65

Timu ikamamvera bwino chigawo choyamba kenako chachiwiri aliyense akungoyenda, vuto si makutu, ndi mapapo. High Press, Trigger Press ya Much More Often, Counter-Press ndi tempo yokwera zikaphatikizana, kamzere ka Intensity pa sikirini ya Tactics kamadzadza, ndipo osewera a Stamina ndi Natural Fitness zapakatikati sangapirire, makamaka magemu akamabwera awiri pa sabata. Munthu wotopa samangochedwa kuthamanga, amayambanso kulakwitsa zosavuta, nde mumaona difenda akusiya munthu wake ndi midifiuda akutaya mapasi apafupi. Gwiritsani ntchito kusintha osewera msanga, m'maligi ambiri tsopano amalola asanu, musadikire mphindi 80. Mukatsogola tsitsani tempo, sinthani Counter-Press kupita pa Regroup, mzere wopanikizira ubwere pa Mid Block. Pakati pa sabata apumitseni omwe condition yatsika, ndipo amene wangochira kuvulala match sharpness yake imakhala yotsika, ayambe ndi magemu a timu yachiwiri.

Kupanikiza kumafunanso folomeshoni yogwirizana nako. Sitiraika mmodzi yekha, anzake onse ali kumbuyo mu 4-1-4-1 yotsika, sangapanikize madifenda atatu. Azithamanga uku ndi uku kenako atope. Komanso mzere wa madifenda ukakhala pansi pomwe akutsogolo mwawauza kuti akwere, pakati pamatseguka bwalo lalikulu loti mamidifiuda awiri sangalikwanitse.

Tizinthu tobisika toti muone

Opposition Instructions zimasokoneza anthu ambiri mosadziwa. Ngati munamusiyira wothandizira wanu ntchito imeneyi mu Staff Responsibilities, kapena mumangodina kuvomera malangizo ake gemu isanayambe, atha kuyika Trigger Press kapena Tight Marking pa adani asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndipo osewera anu azichoka m'malo mwawo kukathamangitsa anthu amenewo pomwe inu munawauza kuti asunge dongosolo. Kumaka munthu mmodzi mwachindunji nakonso kumakoka wosewera wanu kupita kulikonse komwe mdaniyo wapita. Chotsani zonse muone kusiyana, kenako muzibwezera pa mdani mmodzi kapena awiri oopsa okha.

Malangizo a payekha atha kumangiriridwa pa malo kapena pa dzina la munthu. Ngati munawayika pa dzina, wolowa m'malo mwake kuchokera pa benchi alibe malangizo amenewo, nde azisewera mosiyana. Zosintha za pakati pa gemu zimafuna mutsimikize, ndipo zimayamba kugwira ntchito mpira ukayima, osati pompopompo. Mukapita pa holiday kuti wothandizira ayendetse gemu onetsetsani kuti mwachonga zoti agwiritse ntchito takitiki yanu. Ndipo zigoli zambiri zomwe timati "difenda anali kuti" zimachokera pa kona yathu yomwe, madifenda onse awiri akwera kukamenya mutu, otsala kumbuyo ndi ochepa kapena ochedwa. Zimenezo zimakonzedwa pa sikirini ya Set Pieces, osati pa takitiki.

Za mu dressing room

Morale ikatsika, kapena mwakangana ndi mmodzi mwa ma Team Leader ndipo gulu lake lamutsatira, timu imasewera mofooka ndipo chilichonse chimaoneka ngati kusamvera. Dynamics inabwera mu FM18 ndipo imakuonetsani amene ali ndi mawu mu timu, amene sakusangalala, ndi mmene akukukhulupirirani. Lonjezo lomwe munapanga n'kusalisunga, kaya la mphindi zosewera kaya la kontirakiti yatsopano, limabwerera m'bwalo.

Ma shout a pamzere monga Encourage, Demand More, Focus, Calm Down ndi Berate sasintha takitiki, amakhudza mtima wa osewera basi. Yang'anani body language musanakuwe. Amene akuoneka Complacent mutha kumudzutsa ndi Demand More kapena Focus, koma amene ali Nervous mukamukalipira mumangomuwonjezera mantha ndipo mapasi ake amaipiratu. Kukuwa pafupipafupi nakonso kumawatopetsa.

Mukayesa zonsezi

Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, ndipo muchipatse magemu atatu kapena anayi, chifukwa gemu imodzi itha kunamiza, mwina munakumana ndi timu yamphamvu, mwina kunagwa mvula bwalo linali lolemera, mwina munthu wanu linali tsiku lake loipa chabe, pajatu Consistency ndi attribute yobisika yomwe mumangoimva mu malipoti a makochi ndi ma scout. Lembani penapake zomwe mwasintha, mukasintha zisanu nthawi imodzi n'kuwina simudziwa chomwe chathandiza.

Zikakhala kuti ndi munthu mmodzi yekha amene akuvutabe, yesani izi: muyike wina pamalo omwewo, role yomweyo, malangizo omwewo, olo akhale wotsikirapo luso. Wachiwiriyo akachita zomwe mumafuna, takitiki ilibe mlandu, nkhani ili pa munthu woyambayo, ndipo mwatsala ndi zosankha ziwiri, kumusinthira ntchito kuti luso lake ligwire pomwe likukwanira, kapena kumugulitsa mtengo wake usanatsike. Wachiwiriyo akalakwitsanso chimodzimodzi, bwererani pa 2D muone omuzungulira, vuto lili pa ma role oyandikana naye. Ndipo pogula wolowa m'malo, scout akabweretsa lipoti musayambire pa nyenyezi, yambani mwawerenga ma trait, mwendo womwe amadalira, Teamwork, Decisions ndi Work Rate, kenako muyerekeze ndi role yeniyeni yomwe adzasewere mu timu yanu.